Tivi Yopanda Mabowo Atatu

Ndimakonza mawailesi ndi mativi m'kachipinda kena kuseri kwa msika wa Zomba. Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi amalume anga, amene ananditenga kumudzi sukulu itandikanika. Iwo atamwalira ndinatsala ndi benchi lawo, mita yoyezera magetsi, chitsulo chowotcherera mawaya, ndi makasitomala amene poyamba ankasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti, "Nanga abambo ake apita kuti?" Patapita zaka anasiya kufunsa.

Nthawi imene kaulutsidwe ka kanema kanasintha kupita ku dijito, pawailesi anali atalengeza kwa miyezi. Anthu ankamva, koma ambiri ankaganiza kuti ndi nkhani ya ku Lilongwe. Tsiku linafika, anthu anayatsa mativi awo n'kupeza mpunga wokhawokha, timadontho toyera ndi takuda tikuwirawira pagalasi, kwinaku kukumveka phokoso ngati mvula padenga la malata. Sabata imeneyo pakhomo panga panadzaza. Ena anabwera atasenza tivi pamutu kuchokera ku Likangala, ena pa kabaza kuchokera ku Mbedza, onse akunena mawu amodzi: yapsa.

Siinapse. Ndinkaitembenuza n'kuwaonetsa kumbuyo kwake mabowo atatu, lachikasu, loyera ndi lofiira. Ndinkawauza kuti akapeze kabokosi kotchedwa dikoda, kamene kamalandira zithunzi za mtundu watsopanowo, alumikize mawaya atatu mtundu ndi mtundu, basi. Ambiri ankabwerera akuseka, tivi ili pamutu pomwepo.

M'mawa wina kukuzizira, chiperoni chitaphimba phiri lonse, panafika bambo wina wachikulire akukankha njinga. Pakaliyala anali atamangapo chinthu chachikulu chokulungidwa m'bulangeti, iwo ali m'malaya okha.

"Odi amayi. Okonza mativi ndinu?"

"Ndine, abambo. Lowani, mwazizidwa."

"Anyamata a m'sitolo umo andiuza kuti ndikaitaye kudzala, ndigule pulazima, tivi yopyapyala yamakono ija. Koma mlonda wa pageti la msika wati ndiyambe ndakuonani inu."

Tinaitsitsa awiri. Inali tivi yolemera, ya chimsana chotupa, yopukutidwa bwino moti m'mbali mwa mabatani munalibe ndi fumbi lomwe. Bambowo anatulutsa dikoda yatsopano m'jumbo. Anati wawatumizira ndi mwana wawo wamkazi wa ku Blantyre. Ndinaitembenuza tivi ija monga mwa masiku onse, chala chili chire kuti ndiwalozere mabowo. Panalibe. Panali bowo limodzi lokha la eriyo. Ndinayang'ana kutsogolo, m'mbali, pansi. Ndinayang'ananso dikodayo: zithunzi inkatulutsira m'mabowo atatu aja basi.

"Abambo, tivi iyi ndi yakale kwambiri," ndinatero. "Kabokosi aka kalibe polowera."

Anakhala pampando. Kenako anayamba kufotokoza, maso ali pa tivi. Ankakhala pamwamba pa phiri, kumene ankayang'anira nyumba ina ya alendo. Tiviyo sinali yawo, inali ya akazi awo, amene anaigula okha ndi malonda awo a mbatata ya kachewere ndi zipatso zimene ankagulitsa m'mbali mwa msewu wa kuphiriko. Tsopano mayiwo anali atafa mbali imodzi ya thupi, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Kutchalitchi sankapita, kumsika sankapita. Makwaya, maulaliki ndi nkhani za m'dziko ankazionera pomwepo.

"Mwana uja atanena zogula ina, mayi ake anangotembenukira kukhoma," anatero. "Akufuna yomweyi. Ine ndatsika nayo wapansi, mabuleki sakanagwira pamtsetse paja. Ndiye ndikawauze kuti chiyani?"

Ndinawauza kuti aisiye, abwerenso Lachisanu. Sindinalonjeze kanthu. Ndinangowaumiriza kuti bulangeti lija afunde okha pobwerera.

Nzeru yoyamba imene inandibwerera inali yotsegula tiviyo n'kuwotcherera mawaya atatu aja m'kati mwake. Ndinaitsegula, ndinayeza ndi mita, n'kupeza zomwe ndinkaopa. Mativi ena akale amakhala ndi magetsi m'chitsulo chonse cha m'kati. Ukatulutsira waya kunja kuchokera pamenepo, tsiku lina wina adzaugwira ndi dzanja lonyowa. Amalume anandimenyapo padzanja chifukwa cha zoterezi ndili wamng'ono pantchito. Ndinaganiza za mayi wosatha kuthawa ndi mwamuna wawo wosadziwa za magetsi, ndinatseka.

Ndinkadziwa kuti kuli kachipangizo kena kamene kamalandira mawaya atatu n'kutulutsa waya umodzi wa eriyo. Ndinazungulira masitolo a m'tauni, palibe amene anali nako. Ena sanamve n'komwe chimene ndinkanena. Ndinakajambula papepala n'kupatsa kondakitala wina wa minibasi wa kutchalitchi kwathu kuti akandifunire ku Limbe. Anabwera nako madzulo ake akunyadira, koma kanali kowonjezera mphamvu ya eriyo, kosiyana kotheratu ndi kamene ndinkafuna. Tinakabweza.

Lachisanu bambo aja anabwera. Ndinawauza zoona, kuti sindinapeze njira. Anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati ndingayesenso sabata ina. Anandisiyira kajumbo ka mbatata ngakhale ndinkakana. Mbatata ija ndinakaphika kunyumba koma sinandikomere.

Lolemba lake ndinaganiza zochotsa tiviyo pabenchi chifukwa inkanditsekera malo. Pashelefu pamene ndinkafuna kuiika panali deki yakale, makina aja tinkaonera mafilimu a pa matepi akuluakulu. Mwini wake anaisiya kalekale itayamba kutafuna matepi, ndipo sanabwerenso. Ndinainyamula kuti ndiiponye pamulu wa zotayidwa. Ndili nayo m'manja, kumbuyo kwake kunayang'ana kwa ine. Mabowo olandirira zithunzi ndi mawu analipo. Pambali pake panali bowo lotulutsira waya wa eriyo.

Ndinaima pomwepo, deki ili m'manja. Ntchito ya deki kuyambira kale inali yomweyo, kutenga chithunzi n'kuchipereka kwa tivi kudzera pa bowo la eriyo. Kutafuna matepi kunalibe nazo ntchito. Ine sindinkafuna matepi.

Ndinayamba kulumikiza. Eriyo ya padenga ndinailowetsa mu dikoda, mawaya a dikoda mu deki, waya wa deki mu tivi. Ndinayatsa zonse zitatu n'kuyamba kusaka pang'onopang'ono ndi kabatani ka kutsogolo kwa tivi. Mpunga, mpunga, mpunga. Kenako mizeremizere. Kenako nkhope ya mtsikana wowerenga nkhani, yoyera bwino kuposa mmene tiviyo inaonetserapo chiigulire. Ndinakuwa. Mayi wosoka zovala wa chipinda choyandikana nane anathamangira muno ataganiza kuti magetsi andigwira.

"Achemwali, mwatani?"

"Taonani! Taonani apo!"

Anayang'ana, n'kunena kuti, "Si nkhani zomwezi za masana?" Anabwerera kumakina ake akupukusa mutu.

Bambo aja atabwera ndinawakhazika pampando ndisananene kanthu, n'kuyatsa. Anavula chipewa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, manja anu awa."

Sindinafune kuti akalumikize okha, choncho ndinatseka kachipinda kanga tsiku lotsatira n'kupita nawo. Tinakwera lole yopita kukatenga matabwa kuphiri, ine kutsogolo nditafungatira tivi pamiyendo, iwo kumbuyo ndi njinga, deki ndi dikoda. Ndakhala mu Zomba zaka zambiri, phiri ndimaliona tsiku ndi tsiku ndikamasamba kumaso, koma ndinali nditakwerako kawiri kokha. Pamakona paja tauni inkaoneka pansi ngati mbale zoyanika.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa nyumba ya alendo, pakati pa mitengo ya paini. Mayi aja anali pamatiresi pabalaza, atatsamira mapilo, dzanja lina lili pachifuwa. Patebulo la pakona panali kansalu koluka, pakati pake pali malo opanda kanthu. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana tivi imene amuna awo ankalowetsa, ndipo maso awo sanachokenso pamenepo.

Ndinalumikiza zonse monga ndinachitira kumsika. Ndinayatsa. Pagalasi panangobwera mawu a Chingerezi onena kuti palibe chimene chikufika. Eriyo yawo inali yomangirira pakhonde, yofupika, mitengo itaizinga mbali zonse. Kale inkakoka chithunzi chamizeremizere ndipo ankaonera choncho. Koma dijito siidziwa zapakatikati. Imabwera yonse kapena osabwera.

"Abambo, pali nsungwi pafupi pano?"

Anatenga chikwanje, n'kubwera ndi nsungwi yaitali kuposa denga kawiri. Tinamangirira eriyo kunsonga ndi mphira, tinawonjezera waya umene ndinabwera nawo. Vuto linali lakuti pankafunika anthu awiri panja, wina kugwira nsungwi, wina kukwera pamakwerero kukaitembenuza. Woyang'ana galasi panalibe. Ndinalowa m'nyumba n'kugwadanso pafupi ndi mayi aja.

"Amayi, ntchito yatsala ndi yanu. Chithunzi chikangobwera mutidziwitse."

Amuna awo anawaikira mbale yachitsulo pambali ndi supuni m'dzanja lamphamvulo. Ndinamanga chitenje bwinobwino n'kukwera. Bambowo anayamba kudandaula kuti akwere ndi iwo, koma ndinawauza kuti makwerero ndinayamba kukwera iwo asanaganize zogula njinga. Ndinatembenuza nsungwi kuloza kutauni. Zii. Ndinalozetsa kumene dzuwa limalowera. Zii. Nkhungu inayamba kulowa pakati pa mitengo, zala zinayamba kuuma. Ndinatembenuza pang'ono pang'ono, kuima, kuwerenga mumtima mpaka khumi, kutembenuzanso, chifukwa dikoda imachedwa kuyankha.

Mbale inalira. Ngwe! Kenako inasiya. Ndinabweza nsungwi pang'ono, mwina kutalika kwa chala. Inaliranso, ngwe ngwe ngwe ngwe, osalekeza.

"Gwirani pomwepo, abambo! Musapume!"

Ndinaimanga kumtanda wa denga ndi waya, mfundo zitatu. Titalowa tinapeza kwaya ya amayi ovala zoyera ikuimba pagalasi, mayi aja akumenyabe mbale, tsopano motsatira nyimbo. Misozi inkatsika mbali imodzi ya nkhope. Anandikodola ndi supuni. Nditayandikira anandigwira dzanja mwamphamvu, n'kulimbana ndi lilime lawo kwa kanthawi. Mawu amene anatuluka anali akuti, "Mwadya?"

Ndinali ndisanadye. Amuna awo anawiritsa tiyi ndi mbatata, ndipo tikudya ndinawaphunzitsa kayatsidwe kake: deki kaye, kenako dikoda, tivi pamapeto. Mabatani onse osafunika ndinawamata ndi tepi yakuda kuti dzanja lisasochere. Rimoti ya dikoda ndinaiika m'dzanja la mayi aja. Tivi yawo sinakhalepo ndi rimoti, ankadikira munthu woti awasinthire. Tsiku limenelo anasintha okha, kupita kutsogolo, kubwerera, kupitanso, mpaka amuna awo anati, "Inu, tisiyeni timve nyimbo imodzi ithe." Anaseka ndi pakamwa pawo popotoka paja, n'kusinthanso.

Ndinatsika ndi lole yomwe ija dzuwa lisanalowe, nditakhala pamwamba pa matabwa.

Nkhani inayenda. Mlonda wa pageti uja anauza aliyense wodutsa ndi tivi yakale, ndipo ndinayamba kusaka madeki akufa paliponse, kwa ogula zitsulo, m'nyumba za aphunzitsi opuma ntchito, kwa anthu amene kale ankaonetsa mafilimu m'timashedi. Ena ankandipatsa ulere, akudabwa kuti mayi ameneyu akufuna chiyani ndi zinyalala. Si madeki onse amene ankagwira. Amene ankagwira ndinkachotsamo zozungulitsa tepi kuti asamalire, n'kuwapukuta. Mphunzitsi wina wa kuyunivesite anabweretsa tivi ya mayi ake, anaima n'kumayang'ana mmene ndikulumikizira, kenako anapempha kuti ajambule ndi foni akaonetse ophunzira ake. Ndinamuuza kuti ajambule mawaya, osati ine.

Mayi a kuphiri aja anakhala zaka zina ziwiri. Amuna awo ankadutsa pakhomo panga akatsika kudzagula sopo ndi mchere, kudzandiuza kuti mphepo inapotoza nsungwi koma anaibweza okha, kapena kuti anyani anadula waya ndipo analumikiza monga ndinawaonetsera. Atamwalira mayiwo ndinakwera kukapepesa. Patapita miyezi bambowo anasiya ntchito n'kupita kukakhala kwa mwana wawo ku Blantyre. Ananditumizira uthenga kudzera kwa kondakitala uja kuti tivi, deki ndi dikoda anapita nazo, ndipo zili m'chipinda chawo chogona ngakhale pabalaza pali pulazima.

Masiku ano mativi a chimsana akuchepa. Galasi lake likatha mphamvu, chithunzi chimada pang'onopang'ono, ndipo palibe kumene ndingapeze lina. Ikafika pamenepo ndimamuuza mwini wake mosabisa kuti iyi yagwira ntchito yake. Ndaphunzira kukonza mapulazima, ndipo ndi amene akudzaza benchi tsopano. Koma mwezi wathawu mayi wina wa ku Mbedza anabweretsa yakale ndithu, ya malemu bambo ake, atakulunga m'chitenje. Pashelefu panali patatsala madeki awiri. Ndinatsitsa imodzi, ndinamuuza kuti akhale pansi adikire, sizitenga nthawi.