Nkhongo ya Alufeo

A Vinsenti Mbewe a ku Mphunzi ndi munthu woti mukadawapeza zaka zapitazi atakhala pa thumba la mbatatesi pa Chimbiya, simukadaganiza kuti anagwirapo mfuti. Ndi aafupi, ndipo mawu amatulutsa amodziamodzi ngati amachita kugula. Chomwe chinkawaulula ndi nsapato. Anzawo ankafika pamsika matope ali mpaka m'mawondo, koma iwo zawo zikunyezimira ngati akupita ku ukwati.

Anabadwira m'tsinde mwa phiri, m'banja loti belu la ku mishoni likalira, khasu pansi. Ali mwana anali ndi nthenda imodzi, yojambula. Amayi awo akangomaliza kuzira nyumba, m'mawa mwake ankapeza pakhoma pali galu wa makala, mchira uli m'mwamba. Anakwapulidwa, nakwapulidwanso, mpaka dzanja linaphunzira mantha. Atamaliza sitandade eyiti analima zaka zingapo, kenako anamva kuti kuboma akulemba asilikali. M'lole yomwe inawatenga ndi momwe anakumana ndi Alufeo, mnyamata wa ku Chongoni, wamtali ngati bulugama, wolongolola, woseka ngakhale pa perete. Wina wosalankhula, wina wosatseka pakamwa, ubwenzi unagwira pomwepo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 onse awiri anatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala, dzikolo lili pa nkhondo. Alufeo anasiya mkazi wake, Dorika, ali woyembekezera. Sanabwerere wamoyo, chifukwa anaponda bomba lokwirira pansi. A Vinsenti ndiwo anaperekeza bokosi ku Chongoni, ndipo bokosilo silinatsegulidwe. Aliyense wa kuno akudziwa kuti maliro opanda kuona nkhope amasiya chinthu pakhosi. Patapita miyezi yochepa Zione anabadwa, ndipo asanayambe n'kuyenda komwe, moto wa anthu osaka mbewa unanyambita nyumba ya amayi ake pamodzi ndi kachithunzi kamodzi ka Alufeo komwe kanalipo. Mbewa, ndiwo za tsiku limodzi! Mwanayo anakula osadziwa kuti bambo ake ankaoneka bwanji.

Atapuma usilikali ali pa udindo wa kopolo, a Vinsenti anabwerera kumudzi n'kuyamba mbatatesi ndi kabichi. Chaka chilichonse akakolola, thumba loyamba linkakwera njinga kupita ku Chongoni, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zione anakula, anakhala mphunzitsi wa ku pulayimale, anakwatiwa, koma funso lake silinasinthe. Ankawafunsa ali kamtsikana, ankawafunsabe ali ndi mwana kumsana.

"Bambo, nanga bambo anga ankaoneka bwanji?"

"Anali wamtali," iwo ankatero, nkhani n'kuthera pomwepo. Amayi akenso sankapita patali, ankangoti anali munthu wabwino. Koma ubwino suoneka ndi maso.

Kenako kunabwera shuga. Anayamba ndi kachilonda pachala, kachilonda komwe a Vinsenti anakanyozera ngati momwe amuna onse akuno amanyozera zilonda, mpaka anagonekedwa pachipatala china cha mishoni ndipo phazi lakumanzere linadulidwa. Kwa anthu odzawaona ankachita nthabwala. "Akuluakulu anati ukayenda siya phazi," ankatero, "ine ndamvera." Koma chomwe dokotala anawauza pambali sichinali cha nthabwala. Matendawo anali atafikanso m'maso, ndipo palibe yemwe akadanena kuti kuona kwawo kufika liti. Kale n'kale m'mbali mwa maso munali mutayamba kuchita nkhungu.

M'wodimo ndi momwe anadziwana ndi a Benedicta, namwino wopuma ntchito, mayi wonenepa, woyenda ndi chikwama chodzadza mapepala ndi mapensulo. Iwo ndi anzawo angapo anali ndi kabungwe koyendera asilikali akale ogonekedwa m'zipatala. Ankawapatsa zolembera kuti alembe ndakatulo, nkhani, kapena kujambula chilichonse, ndipo pachaka ankasonkhanitsa zonsezo n'kusindikiza kabuku kogawa m'zipatala ndi m'matchalitchi. Ankati msilikali akagona chagada tsiku lonse, mutu umabwerera kunkhondo, ndiye ndi bwino kuupatsa chochita.

"Mayi, ine chikundisowa ndi phazi," anatero a Vinsenti. "Inu mukundipatsa pensulo."

"Phazi ndilibe, a Kopolo. Landirani chomwe chilipo."

Pensuloyo inakhala pa kabati masiku angapo. Koma nthenda yaubwana siifa, imangogona. Masana ena, mkulu wina wa pabedi loyandikana atagona kukamwa kuli yasa, dzanja la a Vinsenti linayamba kuyabwa. Pomwe mkuluyo ankadzuka, wodi yonse inali ikupatsirana pepala, anthu akuseka mpaka ena kugwira mabala awo. Wojambulidwa papepalapo anali iyeyo ndithu, ndi dzino lake limodzi lotsala.

Tsiku lomwelo Zione anafika ndi botolo la thobwa. Analiona pepalalo, koma iye sanaseke. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kugwada pafupi ndi bedi.

"Bambo, zaka zonsezi munali ndi dzanja lotere?" anafunsa. "Ndijambulireni bambo anga. Amayi sangathe. Anzanu aja anatha. Mwatsala ndinu nokha."

A Vinsenti anavomera msanga, ndipo mumtima anaona ngati ndi ntchito ya masana amodzi. Munthu yemwe anadya naye mbale imodzi, kufunda naye bulangeti limodzi, angamusowe bwanji? Anayamba m'mawa mwake, nthawi yomwe kuwala kumalowa bwino pawindo. Nkhope yoyamba inatuluka ya katekisiti wa kwawo. Yachiwiri inafanana ndi dokotala. Yachitatu inali ya mchimwene wawo, malemu. Anafufuta mpaka pepala linabooka. Mawu a Alufeo ankawamva bwinobwino, kuseka kwake ankakumva, ngakhale fungo la fodya wake, koma akati ayang'ane pakati pa mphumi ndi chibwano, panalibe kanthu. Zinawawawa kuposa phazi, ndipo anachita manyazi. Ankadziona ngati munthu yemwe anasungitsidwa mbewu n'kuisiya ifumbwe.

Sabata zinkapita, nkhungu ija ikusendera pakati pa maso. Mizere yomwe ankaiona pepala lili pamiyendo, tsopano ankachita kuliyandikiza pamphuno. A Benedicta atabweranso anapeza mapepala ofinyafinya ali mbwee pansi pa bedi, mwini wake atayang'ana kukhoma.

"Mwamenyana ndi ndani, a Kopolo?"

"Ndamuiwala mnzanga, mayi."

A Benedicta anatola mapepalawo, nawawongola limodzilimodzi pa ntchafu. "Dzanjali mukulikoka ngati ng'ombe yokana goli," anatero. "Tasiyani kaye za nkhope. Mukatsinzina n'kumutchula dzina, chimabwera n'chiyani?"

A Vinsenti anatsinzina. Anatenga pepala lina, ndipo ulendo uno pensulo inayenda yokha, osaima, osafufuta. Munatuluka mapewa aatali, lamba wa mfuti, kolala yonyowa ndi thukuta. Pamwamba pake panali khosi lowonda, tsitsi lothera m'kansonga kopendekera kumanzere, ndi khutu lakumanja lotambasuka kuposa linzake. Kutsogolo kwake njanji inkapita mpaka kuzimirira m'udzu. Anali munthu woonedwa kumbuyo.

"Timayenda pamzere," anafotokoza a Vinsenti. "Wina patsogolo, wina pambuyo. Lamulo linali loti uponde pomwe waponda mnzako, chifukwa dothi lonse linali lokayikitsa. Sumayang'ana kumbali, sumacheuka. Iye ndi miyendo yake ija ankakonda kutsogola, ine pambuyo pake. Dzuwa kutuluka mpaka kulowa, miyezi ndi miyezi, chomwe ndinkaona ndi chimenechi. Ndi chomwenso ndinaona komaliza."

A Benedicta anapempha kuti chithunzicho chilowe m'kabuku ka chaka chimenecho. A Vinsenti anakana kwamtuwagalu. Mwana wapempha nkhope, iwe n'kumupatsa bambo womufulatira? Kufulatira munthu n'kumukana, ndipo Zione anali atafulatiridwa kale mokwanira. Anati ayesabe. Anayesadi, sabata ina ndi inzake, mpaka m'mawa wina anaona kuti nsonga ya pensulo sakuionanso ikakhudza pepala. Pamenepo anaitanitsa a Benedicta, nawapatsa chithunzi chija osanena zambiri. Anangopempha kuti pansi pake alembepo dzina la Alufeo ndi mudzi wake.

Kabuku kanatuluka mwezi wa Juni, iwo atatulutsidwa kale m'chipatala. A Benedicta anati akhoza kukatumiza okha ku Chongoni, koma a Vinsenti anakana. Anati bokosi anaperekeza okha, ichinso aperekeza okha. Anavala jekete, anapukuta nsapato yawo imodzi, anakwera njinga yamoto ya kabaza ndodo zili pamiyendo, mphepo ya m'phiri ikuwalasa m'makutu. 

Anapeza a Dorika pakhonde akusankha nyemba, Zione ali pomwepo chifukwa linali Loweruka. Atalonjerana, atafunsana za matenda ndi za kuzizira kwa chaka chino, a Vinsenti anatulutsa kabuku m'thumba la jekete. Tsambalo anali atalipinda pakona kuti asavutike kulifuna. Analipereka kwa Zione ndi manja awiri.

Zione anayang'ana, natembenuza tsamba kuti aone ngati kuseri kuli china. Kunali ndakatulo ya munthu wina.

"Ndi chokhachi, bambo?"

"Ndi chokhacho, mwana wanga. Nkhope yandikana. Ndipo maso atha, sindidzayesanso."

"Ine ndinapempha nkhope," anatero Zione motsitsa mawu. Sanakalipe, ndipo a Vinsenti akadakonda akadakalipa. Iwo anaweramitsa mutu, ndodo zili pakati pa miyendo, akumva kuti alephera chinthu chimodzi chokha chomwe mwanayu anawapemphapo.

A Dorika anapukuta manja pa chitenje. "Tabweretsa kuno," anatero. Anakatalikitsa kabukuko, anakayandikiza, kenako lichero la nyemba linatsetsereka pamiyendo pawo, iwo osalilabadira.

"Mayo ine," anatero. "Ndi iwowa."

"Mwawazindikira bwanji, amayi, munthu sakuoneka nkhope?"

"Iwe, nthawi yathu mkazi ankayenda pambali pa mwamuna ngati mmene muchitira inu lero? Tinjira ta kuno n'ta munthu mmodzi. Popita kutchalitchi iwo patsogolo, ine pambuyo. Popita kudimba chimodzimodzi. Ndipo ndinali mtsikana wamanyazi, kuwayang'ana m'maso ndinkachita kuba. Tinakhala limodzi nthawi yochepa, mwana wanga. Tsiku lomwe ankapita ndinawaperekeza mpaka pa Chimbiya, chikwama chawo chili pamutu panga, iwe uli m'mimba. Njira yonse ndinkayang'ana khutu ili." Anaika chala pa pepala. Kenako anatembenukira kwa a Vinsenti. "Alamu, nanenso nkhope inandithawa kalekale. Ndinkaopa kunena."

 Nkhuku zinali zitayamba kale kujompha nyemba zotayika zija, ndipo palibe anaziingitsa. A Dorika anayang'ananso chithunzicho, nayang'ana mwana wawo.

"Zione, tatembenuka. Vula duku."

"Amayi, pamaso pa bambo?"

"Vula, ndati."

Zione anagwada chofulatira, namasula duku. Tsitsi lake linali lalifupi, lometa posachedwa. A Dorika anamugwira mapewa n'kumusendeza chafutambuyo mpaka pafupi ndi mawondo a a Vinsenti, pomwe maso awo ankathabe kuona. Iwo anawerama. M'kati mwa nkhungu ija munaoneka khosi lowonda, tsitsi lothera m'kansonga kopendekera kumanzere, ndi khutu lakumanja lotambasuka kuposa linzake. Zaka zonsezi mwanayu ankawayang'ana kumaso akamawafunsa funso lake, ndipo iwo sanaganizepo zomuyang'ana akamachoka.

Zione anapititsa dzanja kumbuyo, akupapasa malo omwe iye mwini sanawaonepo chibadwire.

"Apa, amayi?"

"Tsika pang'ono. Pamenepo."

Dzanja linakhala pomwepo. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo anafuna kucheuka kuti awayang'ane a Vinsenti.

"Ayi, mwana wanga," iwo anatero, misozi ikutsikira m'kolala. "Usatembenuke msanga. Takhala kaye choncho."