Nsambo ya a Bonifasio

A Bonifasio, a mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, ankalima kabichi wabwino, koma anthu amawakumbukira chifukwa cha phokoso. Anali munthu wamanyazi. Pofunsira a Anjelina mawu anawakanika, ndiye inawalankhulira ndi banjo yawo ya chigubu, ndipo m'banja monse zachikondi zinkadzera pa nsambo.

Chaka cha riferendamu, a Anjelina anayamba kugontha. Bambo akamaimba, mayi ankangopitiriza kusenda mbatata. Zimenezi zinawapweteka mtima kwambiri a Bonifasio. Anakunga nsambo zolimba, koma mawu sanakule, anangosanduka a udzudzu. Kenako anatulukira kuti mawu amakula ukaikokera patali nsamboyo n'kuitaya, kuti igwedezeke kwambiri uku ndi uku. Anakokadi. Inaduka n'kuwatema pamphuno.

Wina akanalekera pomwepo. Iwo anakagula waya wokhuthala ku Linthipe, n'kumumanga kuchokera pamgolo wachitsulo wokuzira mawu mpaka pamtengo wa bulugamu. Pokoka ankabwerera chambuyo, zidendene zili pansi, ngati akulimbana ndi ng'ombe yokana dibi. Akataya, anyani ankathawira kuseri kwa phiri, nkhuku zinaleka kuikira, ndipo akatekisiti anadandaula kuti akhristu akumabwera kutchalitchi Lachitatu poyesa belu. A Anjelina okha ndi amene ankakhala pamtendere.

Pofika nthawi ya chisankho, a zipani anabwera ndi nsalu zawo, kupempha kuti aziwaitanira anthu kumisonkhano poti batire ya chimkuzamawu inkawathera. A Bonifasio anawabweza onse, amvekere iwo akufuna voti imodzi yokha, ndipo mwini wake ali kukhitchiniko.

Tsiku lina masana anakoka waya mpaka kukagunda nkhokwe ndi msana. Atataya, udzu unayoyoka padenga. A Anjelina, amene ankachokera kunkhuni, anaima n'kuyang'anitsitsa wayayo akugwedezeka, atatambasuka ngati lichero.

"Mwamva?" anafunsa a Bonifasio, mtima uli m'mwamba.

Mayiwo anatula nkhuni.

"Kumva ayi, bambo, makutu anapita. Koma maso alipo. Akagwedezeka pang'ono ndimadziwa kuti mukufuna madzi osamba. Akatambasuka chonchi ndiye kuti mukundifunsiranso."

A Bonifasio anawerama mwamanyazi, monga kale lomwe. Anansi, amene ankasuzumira kumpanda ndi thonje m'makutu, anayembekezera kuti mayi auza mwamuna wawo kuti zakwana.

A Anjelina anakhazika chikhatho pamgolo, umene unali ukunjenjemerabe.

"Kokaninso," anatero.