Dzanja limene linajambula atsekwe

Lachiwiri tinali ku Discovery Gardens, dera la nyumba zogona kuno kudziko la Aluya, kulongedza katundu wa mayi wina wa ku Mangalande. Ntchito inamuthera chifukwa cha korona, ndiye amabwerera kwawo. Masiku ano ndiyo ntchito yathu imeneyi pakampani: kupakira nyumba za anthu ochoka.

Buku lina la ana linagwa m'katoni n'kutseguka. Panali chithunzi cha kamtsikana kakuthamangitsa atsekwe mumvula, nsapato imodzi itavuka. Ndinaima n'kumachiyang'anitsitsa.

"Yalla, fulumirani a Mbewe, lole ikudikira!" anakuwa a Tembo, mnzanga wa ku Chipata.

Mayi uja anandiona. Anati wojambula zithunzizo anali mzimayi wa kwawo, anamwalira kalekale. Ali mwana ankadwaladwala, osaloledwa kutuluka, ndiye ankajambula zimene ankaona pawindo. Makolo ake sanamuletse. Anajambula mabuku a ana mpaka manja atayamba kunjenjemera ndi ukalamba, ndipo kwawoko dzina lake limadziwika kuposa la amene analemba nkhanizo.

"Muli ndi mwana? Tengani bukuli," anatero.

Mwana ndili naye. Tadala, wa Sitandade 4, ali ku Balaka ndi mayi ake. Sukulu zitatsekedwa, mayi akewo anandidandaulira kuti wadzaza kope la masamu ndi mbuzi, njinga, ndi amayi a pamzere wa kuchigayo. Ine osaganiza n'komwe ndinati, "Mumulande pensuloyo, n'zachibwana."

Abale, tiuzane zoona. Zithunzi za m'mabuku athu a ku pulayimale timazikumbukira mpaka lero, ena tinaiwala nkhani koma chithunzi chili m'mutu. Nanga amene anazijambula, alipo akumudziwa? Kwathu mwana akamawerenga timati adzakhala dokotala. Akamajambula timati akutha makope. Ndiye mawa tidzadabwa kuti ana athu akuona atsekwe a ku Ulaya m'mabuku, osaona mbuzi za kwawo?

Lachisanu, tsiku langa lopuma, ndinaimba foni.

"Amake Tadala, m'bwezereni pensulo ija. Ndinalakwitsa."

Kenako ndinapempha mwiniwake. "Tadala, unditumizire mbuzi zako zija ndione."

"Ndinang'amba, adadi. Paja munati n'zachibwana."

Ananena mosakwiya, ngati akundiuza kuti kunja kukutentha. Ine ndinati, "Chabwino, jambula zina. Uyambe ndi ine."



"Ndijambula bwanji? Zithunzi zonse mumatumiza mutavala masiki. Pakamwa panu ndayamba kupaiwala."

Ndinatuluka panja pa nyumba ya kampani, padzuwa la ku Al Quoz kumene timakhala, n'kuvula masiki. A Tembo anandijambula ndi foni kanayi konse, ati ndimaoneka ngati ndili pamaliro.

Dzulo chabwera chithunzi. Makutu wandipatsa aakulu, koma ndine.

Inu, masamba akumapeto a kope la mwana wanu munawatsegula liti?