Magalasi a ku Koleji ya Asikauti

Ndinalowa koleji ya asikauti oteteza nyama zakutchire m'zaka zimene nkhalango ya tsidya la Luangwa tinkangoitcha kuti gemu. Kwathu kunali kufupi ndi Chinzombo, ndipo kolejiyo inali m'dera la Lupande, mtunda woti ukanyamuka pa njinga m'mawa umakafika dzuwa litapendeka. Amene anandilembetsa anali amalume. Iwo ankati munthu wamtali ngati ine, woyenda osatopa, n'kumuwononga kumusiya azingopirikitsa anyani m'munda wa mapira.

Kuyenda ndinkayendadi. Masabata oyamba, pamene ankatithamangitsa mumchenga titabereka zikwama, ndinali m'gulu la otsogola. Zinthu zinavuta titalowa m'kalasi. Chifukwa cha msinkhu anandikhazika kumbuyo kwenikweni, ndipo aphunzitsi akamalemba pa bolodi ndinkangoona zoyererayerera ngati ufa wotayikira pamphasa. Sindinkadabwa nazo. Ku pulayimale tinkaphunzira moloweza, aphunzitsi akanena ife n'kubwereza, choncho zinkandiyendera. Ndinkaganiza kuti bolodi aliyense amaiona mmene ndinkaionera ine, kungoti anzangawo mitu yawo inkafulumira kulota zimene zalembedwa.

Kutsogolo kwanga kunkakhala mnzanga wina wamfupi, wolongolola, wochokera kufupi ndi bwalo la ndege la Mfuwe. Tikaweruka ankandibwereka buku lake n'kukopera. Iye akalakwitsa, inenso ndinkalakwitsa pomwepo. Akadumpha mzere chifukwa cha tulo, buku langa linkadumphanso mzere womwewo.

Kenako inafika nthawi yophunzira mfuti. Aphunzitsi ake anali msilikali wopuma, munthu wosaseka wamba. Anatigoneka chafufumimba, aliyense moyang'anizana ndi chikwangwani chake, ndipo tinawombera. Popita kukaona, chikwangwani changa chinali chosalala ngati chatsopano, pamene cha mnzanga wa ku Mfuwe chinali ndi mabowo ochuluka kuposa zipolopolo zimene anam'patsa. Msilikali uja anayang'ana zikwangwani ziwirizo, n'kuyang'ana ife.

"Inu awiri muli pachibale?" anafunsa.

"Ayi, aphunzitsi."

"Ndiye n'chikondi chachikulu chimenechi."

Gulu lonse linaseka, inenso ndinaseka nawo, koma mumtima ndinayamba kuganiza za njira yobwerera kumudzi.

Pakolejipo panali chizolowezi chimene nthawi imeneyo sitinkachimvetsa. Aphunzitsi sankadikira mayeso omaliza kuti adziwe amene akutsalira. Lachisanu lililonse ankakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa ofesi, aliyense n'kutchula ophunzira amene akumudetsa nkhawa. Wotchulidwayo ankamutumiza kwa bambo ena achikulire, amene kale anali ahedi a sukulu ya pulayimale, ndipo tsopano ntchito yawo inali yothandiza otsalira masana. Ife kachipinda kawo tinkakatcha ku chipatala, ndipo mphekesera inali yoti ukalowako, chotsatira n'kukulongedzetsa katundu.

Amene anandiitana anali mayi wotiphunzitsa malamulo a nyama. Anali ochokera ku Chipata, olankhula pang'onopang'ono. Ndinawapeza atakhala pakhonde akusenda mtedza.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

"Ndaswera. Khala apa. Ukudziwa chifukwa chimene ndakuitanira?"

"Mwina mukundibweza kwathu."

"Akuuza ndani zimenezo? Mwezi sunathe n'komwe. Tamvera. Ndikafunsa funso pakamwa umayankha bwino, nthawi zina kuposa anzako. Ndikalemba funso lomwelo pa bolodi umakhala ngati mlendo. A mfuti akuti zipolopolo zako umagawira anzako. A mapu akuti suwaona mapiri amene akukulozera. Aliyense payekha ankayesa ulesi, koma titaziphatikiza pamodzi taona kuti si ulesi. Ifeyo sitikudziwa kuti n'chiyani, n'chifukwa chake tikukutumiza kwa ahedi. Upiteko mawa thu koloko."

Anandipatsa mtedza wodzaza dzanja, ndipo ndinachoka ndili wosokonezeka, chifukwa munthu amene akufuna kukuchotsa sakupatsa mtedza.

Ahedi aja ndinawapeza akukonza mpando wothyoka mwendo. M'kachipindamo munali kale anthu awiri: mtsikana wina amene Chingelezi chinkamuvuta, ndi bambo wina amene maganizo ake anali kwa mkazi wake wodwala kumudzi. Onse ankaoneka omasuka, osati ngati anthu odikira kuchotsedwa. Ahedi anandifunsa za kwathu, za sukulu imene ndinaphunzira, ngakhalenso ngati ndikudya bwino. Atamva kuti kunyumba timalankhula Chikunda, anayesa mawu angapo n'kuwapotoza mpaka ndinaseka. Kenako anandipatsa buku kuti ndiwerenge mokweza. Ndinawerenga tsamba lonse osaphonya.

"Kuwerenga umatha," anatero. "Koma nanga bukulo ukulinunkhiza chifukwa chiyani?"

Ine buku ndinkaligwira choncho, pafupi ndi mphuno, kuyambira kale. Anadzuka n'kunditengera panja. Analoza kutsidya kwa bwalo la perete, kumene kunali mtengo wa mvunguti.

"Pansi pa mtengo uwo ukuonapo chiyani?"

Ndinatsinzinira maso, n'kuona zinthu zakuda zitaunjikana. "Njati, bambo. Zagona."

"Njati zagona pabwalo la koleji, anthu n'kumadutsa pambali pake?"

"Mwina zazolowera."

Ahedi anaseka mpaka anagwira chitseko. "Mwanawe, imeneyo ndi migolo ya dizilo. Mutu wako ulibe vuto. Vuto lili m'maso."

Tsiku lomwelo anakalankhula ndi akulu a koleji, ndipo galimoto yokatenga zakudya ku Chipata itanyamuka, inenso ndinali kumbuyo kwake pakati pa matumba opanda kanthu. Kuchipatala chenicheni cha kumeneko anandikhazika pampando, n'kundiveka chitsulo cholemera pamphuno, n'kumasinthasintha timagalasi. Mwadzidzidzi zilembo za pakhoma zinaima chilili, zakuda bii, chilichonse ndi m'mphepete mwake. Ndinaziwerenga mpaka pansi, ndipo nditamaliza ndinapempha kuti ndibwerezenso. Adokotala anandilola.

Magalasi enieniwo anachedwa kubwera, koma aphunzitsi sanadikire. Anandisamutsira kutsogolo, ndipo kuti ndisatchinge anzanga anandipezera kampando kakafupi, kamene ndikakhalapo mawondo ankafika m'chibwano. Masana aliwonse ndinkapita kwa ahedi kukabwereza zimene zinandidutsa. Mtsikana wa Chingelezi uja ndinkamuthandiza kuwerenga, iye n'kumandithandiza masamu a kampasi yolozera njira. Bambo wa mkazi wodwala anamupatsa masiku oti akaone kunyumba, ndipo atabwerako anali munthu wina.

Magalasi anafika ndi galimoto ya zakudya yomweyo, m'kabokosi kokulungidwa m'nsalu, pamwamba pa matumba a nyemba. Ndinawavala nditaima pakhomo la khitchini. Choyamba chimene ndinaona chinali mtengo wa tsanya. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti mtengo uli ndi masamba chifukwa ndinkawathyola, koma sindinkadziwa kuti munthu angaime patali n'kuliona tsamba lililonse palokha likugwedezeka. Nditatembenukira kumadzulo ndinaona mzere wa mapiri a Muchinga, umene kale ndinkauyesa mitambo yosasuntha. Nkhope za anthu ndizo zinandidabwitsa koposa. Msilikali wa mfuti, amene ndinkamuopa, anali ndi maso achifundo ndi imvi m'ndevu. Mnzanga wa ku Mfuwe anali ndi chipsera pachipumi chimene ndinali ndisanachionepo.

"Wavulala liti?" ndinamufunsa.

"Ndili mwana. Iwe, ndiye masiku onsewa unkacheza ndi ndani?"

Magalasi sanandisandutse katswiri. Mapu anandivutabe mpaka kumapeto, ndipo kwa ahedi ndinapitabe miyezi ingapo. Mvula ikagwa magalasiwo ankachita nkhungu, thukuta likachuluka ankatsetsereka, mpaka ndinawamangirira ndi mphira ya chubu cha njinga kuseri kwa mutu. Koma zipolopolo zanga zinayamba kupita pachikwangwani changa, ndipo mnzanga uja, amene anali atatchuka kale kuti ndi katswiri wa mfuti, mbiri yake inatsika pang'ono. Mayeso omaliza ndinakhoza, osati pamwamba, koma pakati pabwino. Atatu tonse a m'kachipinda kaja tinalandira yunifomu tsiku limodzi, ahedi ataima kumbuyo kwa gulu atavala jekete ngakhale kunali kotentha.

Ndisanapite kumalo anga oyamba a ntchito anandipatsa tchuthi, ndipo ndinapita kwathu. Amayi atandiona ndi magalasi anakhala pansi, poganiza kuti ku koleji andiwononga maso. Ndinawafotokozera mpaka anamvetsa. Kenako anapempha magalasiwo kuti ayese, ndipo atawavala anagwira nsanamira ya khonde n'kunena kuti bwalo likupendekeka, ndiwachotse msanga asanagwe.

Madzulo ake ndinaperekeza abambo kumtsinje kukaona maukonde. Tinafika padooko pamene ndinkasamba kuyambira ndili wamng'ono. Madzi anali atatsika, mchenga wa tsidya lija uli poyera. Ndinaima n'kuyang'anitsitsa. Pamchengapo, pamene ine ndinkadziwa kuti pamakhala zipika zobwera ndi madzi osefukira, panali ng'ona zitandandalika, zina zitayasamula.

"Atate, kodi zimenezi zimakhala pamenepa masiku onse?"

Abambo sanatukule n'komwe mutu paukonde. "Kuyambira usanabadwe."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Tinkayesa ukuziona. Amako ankanyadira kwa anzawo kuti mwana wawo saopa kanthu."

Tsiku limenelo ndinakasamba kunyumba, ndi madzi a m'ndowa.