Azakhali Anamata Ming'alu ya Linga

Nyumba zoposa 400 pa zaka 26: ndizo azakhali anga anapaka penti bondo lisanawatsitse pa makwerero. Kwathu amangowatcha Mayi Makwerero. Bambo awo anali wopenta nyumba, ndipo atamwalira, azakhali anangotola maburashi n'kupita kukamaliza khoma limene linatsala theka.

Atasiya ntchito sanapinde manja. Analowa gulu la anthu ojambula zithunzi panja, limene ine ndimaligulitsa mapepala, maburashi ndi timachubu ta utoto. Loweruka lapitali gululo linapita kutauni yakale ya m'mbali mwa mtsinje, komwe kuli linga la mafumu akale pamwamba pa chitunda. M'basi tinalimo anthu 18. Aphunzitsi a gululo, bambo a chipewa chachikulu, analengeza kuti zithunzi khumi zokha ndi zimene zidzapachikidwe m'holo ya lingalo mwezi wamawa. Azakhali ankafunitsitsa chawo chikhalepo, poti pa makoma onse amene anapaka palibe ndi limodzi lomwe lolembedwa dzina lawo.

Ndinayala tebulo langa pafupi ndi mlatho. Anzawo a azakhali anakhala pa timipando, akutsinzina diso limodzi. Azakhali anaimirira n'kutulutsa levulo yoyezera kuwongoka kwa khoma m'chikwama. Anayang'ana lingalo nthawi yaitali akupukusa mutu, ngati aona ntchito ya mmisiri woledzera. Nsanja inali yopendekeka, khoma litang'ambika kuyambira pawindo mpaka pansi, udzu utamera m'ming'alu.

Pofika masana chithunzi chinatha. Pachithunzipo nsanja anaiwongola. Ming'alu anaimata yonse, udzu anauzula, khoma analipaka zoyera kawiri, mawindo n'kuwazunguliza mzere wobiriwira wowongoka ngati ulusi.

Aphunzitsi atafika anavula chipewa n'kukanda mutu. Anafotokoza mofatsa kuti anthu amayenda mitunda kudzaona ming'alu imeneyo, kuti kukongola kwa lingalo ndi ukalamba wake, ndipo ngati azakhali akufuna malo m'holo, aibwezeretse basi isananyamuke.

"Aphunzitsi, kwanu khoma likang'ambika mumaitana alendo kudzaonerera?" anafunsa azakhali. "Ine sindinasiyepo mng'alu pa nyumba ya munthu. Ndiyambe lero poti eni ake anafa?"

Ena anaseka chamumtima. Mayi wina anawanong'oneza kuti ndi timizere tiwiri chabe, asaume khosi. Nanenso ndinawatambasulira kaburashi kopyapyala kuti angoyesera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwana wa achimwene, kameneko kagulitse kwa ofuna kung'amba nyumba."

Chithunzicho sichinasankhidwe. Azakhali sanadandaule, anatsikira kumadzi kukatsuka maburashi, n'kuchisiya chitatsamira mwendo wa tebulo langa kuti chiume. Ndinawerenga anthu amene anaima kuchiyang'ana: 31 pa ola limodzi. Mlonda wa lingalo anabwera kawiri. Ulendo wachiwiri ananena kuti zaka zonsezi sanaganizepo kuti malo ake a ntchito angaoneke ngati mokhala anthu.

Tili m'basi ndinawauza azakhali kuti aliyense wopita kuholo amadutsa pa chipata, ndipo pa chipata palibe amasankha zithunzi. Titawoloka mlatho anandifunsa kuti tebulo langa ndi lalitali bwanji.

Tsiku lotsegulira chionetsero tidzakwera basi yoyamba. Ine ndidzaimika tebulo panja pa chipata, iwo adzabweretsa chithunzicho pamodzi ndi china cha mlatho, umene akuti nawonso ukufunika kupala ndi kupaka kawiri.