Wometa wa ku Wodi ya Abambo

Aliyense amangowatchula kuti a Lumo, ngakhale akazi awo. Amameta anthu m'kachipinda kopanikizika pakati pa golosale ndi telala. Kwa zaka zambiri ntchitoyi ankagwira ndi mng'ono wawo, munthu wanthabwala amene makasitomala ankamukonda ngakhale ankameta mokhotakhota.

Mng'onoyo atadwala impso, anagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali. Tsiku lina a Lumo atapita kukamuzonda, anamupeza akudziyang'ana pafoni.

"Achimwene," anatero wodwalayo, "inu wometa, koma m'bale wanu ndevu ngati tchire. Anthu aziti chiyani?"

M'mawa mwake a Lumo anabwera ndi makina, thaulo ndi kagalasi. Ali mkati mometa, bambo wa pabedi loyandikana anakweza dzanja: "Mukatha uko, kunonso." A Lumo anatuluka m'wodimo atameta aliyense amene ankatha kudzutsa mutu.

Mng'ono wawo anamwalira mwezi womwewo. A Lumo anatseka shopu, osafuna kuona munthu. Atadzatsegulanso, manja ankagwira ntchito koma kukamwa kuli chete. Kenaka Lolemba lina anangolongedza zida m'chikwama, ulendo wa kuchipatala. Namwino wamkulu anawazindikira.

"Bambo, m'bale wanu uja paja..."

"Sindinaiwale, mayi. Koma ndevu za enawa sizinasiye kumera."

Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse shopu imakhala yotseka, a Lumo ali kuchipatala kumeta odwala. Salipiritsa. Makina amapukuta ndi sipiriti wodwala akuona, ndipo wosatha kudzuka amamumeta chogona, dzanja lina litachirikiza khosi. Akazi awo poyamba ankadandaula kuti adzabweretsa matenda pakhomo. Masiku ano ndi amene amachapa mathaulo, ndipo amakalipa akawapinda molakwika.

Chaka chatha mlamu wawo, mkazi wa malemu aja, anawapeza Lolemba m'mawa akulongedza zida. Chichitikireni maliro, mayiwa anali asanapondekonso kuchipatala.

"Alamu, kodi ku wodi ya amayi kulibe tsitsi?"

"Liliko lambiri, koma ine kuluka sinditha."

"Ndiye ndidikireni, ndikatenge chipeso."

Atafika pageti la chipatala, mayiwo anaima. A Lumo sanawafulumizitse. Anatsamira khoma n'kumadikira. Patapita kanthawi mayiwo anapukuta m'maso, n'kumangitsa mpango kumutu.

"Tiyeni, alamu. Kokhako musandithamangitse, kuluka sikufulumira ngati kumeta kwanuko ayi, kumachedwa kwambiri."

Tsikulo a Lumo ndi amene anadikira panja mpaka dzuwa kupendeka.