Aphunzitsi a Wayifayi ndi Mbuzi za Amake Melody

Aphunzitsi opuma aja a kuseri kwa msika wa Katete ndiwo amayang'anira wayifayi ya mzere wathu, ndipo amaigwira ngati ndodo ya m'kalasi. Timabokosi take tilipo titatu ndipo timapatsirana netiweki: ka pagolosale, ka pakhonde la amake Melody, ndi ka kwa aphunzitsiwo kumapeto. Ukawadutsa osawalonjera, foni yako amaichotsa tsiku lomwelo. "Netiweki ndi ya anthu aulemu," amatero.

Tsono mbuzi za amake Melody zinawadyera nsawa zoyanika. Aphunzitsi anapsa mtima, nachotsa mafoni onse a nyumba imeneyo, ndi ya mlendo yomwe.

Lamlungu lake, mwana wa aphunzitsi wa ku Lusaka anati awaonetsa mdzukulu woyamba pavidiyo. Aphunzitsiwo anavala jekete, nakhala pampando, koma foni inangoti zii. Anazimitsa, anayatsa, analoza kabokosi chala, osatheka. Atatuluka anapeza amake Melody atazula kabokosi kapakati, akutchaja tochi.

"Mayi, mwazula chiyani? Simudziwa kuti zonse zimadzera apa?"

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Koma ife opanda ulemu munatichotsa. Soketi yanga izigwirira ntchito yani?"

Aphunzitsi anaima pamenepo, mdzukulu akudikira ku Lusaka. Kenaka anavula chipewa, atalumanitsa mano.

"Mwaswera bwanji, mayi? Nanga mbuzi zaswera bwanji?"

"Zaswera zokhuta," anayankha amake Melody, akubwezera waya pang'onopang'ono.